Fila si chitsulo, ngakhale awale chotani

Nandolo akangoyamba kutuluka m'minda, ndalama nkuyamba kuyenda m'manja mwa anthu, amisiri owongola magalimoto pa boma la Milange sapuma. Pansi pa mitengo ya mango, kuseri kwa masitolo, ngakhalenso tsidya linalo pa Muloza ndi pa Limbuli, nyundo zimalira kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Imeneyi ndiyo nyengo yomwe mwini pikiapu amakumbukira chitseko chija chidapindika atagwera m'ngalande dzinja lathali. Mwini minibasi naye amafuna kuti galimoto yake izioneka bwino pamaso pa okwera. Palinso mlimi yemwe wakhala akusunga ndalama zaka zitatu kapena zinayi, ndipo tsopano waganiza zogula galimoto yakeyake yoti azinyamulira chimanga ndi nyemba.

Anthu onsewa, wokonzetsa, wogulitsa ndi wogula, nkhani yawo imathera pa chinthu chimodzi chomwe ambiri sachidziwa bwino. Chinthucho ndi phala lija amisiri amamata pa galimoto asanaipope penti. Ku Malawi amati fila. Mbali ino ya malire abatechapa ambiri amati betume, ndipo ndilo dzina lomwe limalembedwa pa zitini za m'Chipwitikizi. Maina asasokoneze munthu, chinthu chake nchimodzi.

Fila ndi wabwino, palibe wokana. Popanda iyeyu magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya m'boma lino akadamaoneka ngati zitini zopondedwa ndi ng'ombe. Komatu ntchito yake ndi imodzi yokha basi, kusalaza timaenje ndi timizere totsala mmisiri akamaliza kuwongola chitsulo ndi nyundo. Sali wotsekera zibowo zikuluzikulu, sali wolumikizira zitsulo zothyoka, ndiponso sachiza dzimbiri. Tsoka lake nlakuti penti akapopedwa, galimoto yokonzedwa mwaluso ndi galimoto yongomatidwa zimawala chimodzimodzi. Kusiyana kwake kumadzaoneka dzinja likafika pakati, ndalama zitadyedwa kalekale. Akuluakulu ponena za chikomekome cha mkuyu chomwe m'kati muli nyerere, ankakhala ngati adaiona galimoto yotereyi.

Kale fila kudalibe. Amisiri a ku Ulaya ndi ku Amereka ankasungunula mtovu ndi moto namadzaza nawo pomwe papindika. Inali ntchito yofuna luso ndi nthawi, kuonjezera apo mtovu ndi poizoni. M'chaka cha 1955 munthu wina wokonza magalimoto mu mzinda wa Miami ku Amereka, dzina lake Robert Spink, adatulukira phala lapulasitiki lomwe lidadzatchuka ndi dzina loti Bondo. Dzinali lisachititse wina kuganiza za bondo la mwendo, kungofanana chabe. Kampani yopanga Bondo idagulidwa ndi kampani ya 3M mu 2007. Ku Britain nako kudatchuka Isopon, yemwe amabwera ndi manambala, P38 wosalazira ndi P40 waulusi. Masiku ano opanga fila ndi ambirimbiri, koma kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni.

M'chitini muja muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. Muli utomoni wapulasitiki wotchedwa poliyesita, ndiponso ufa wa mwala wofewa kwambiri wotchedwa talc, mwala womwe udadziwika ndi paudala wodzoza ana. Fungo lobaya m'mphuno lija limachokera ku mankhwala ena otchedwa styrene. Pambali pa chitini pamabwera kachubu ka mankhwala oumitsira, omwe amisiri amati hadina, ndipo kawirikawiri amakhala ofiira. Fila sauma monga liumira dothi padzuwa. Amauma chifukwa hadina akakumana ndi utomoni uja zimaphikana zokha, nchifukwa chake phalalo limatentha m'manja likamalimba. Ufa wa mwala uja ndiwo umachititsa kuti fila azipalika mosavuta ndi sandipepa. Koma ufa womwewo ndiwo chilema chake, pakuti umamwa madzi monga ichitira njerwa yosapsa bwino.

Tsono apa mpomwe pagona nkhani kwa anthu a ku Milange. Boma lino si la chilala ayi. Mitambo ikakhazikika pa phiri la Tumbine ndi pa phiri la Mulanje, mvula imagwa masiku angapo osalekeza. Dzinja likatha, miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti kumabwera mvula yamawawa ndi nkhungu ija anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre amaitcha chiperoni, dzina lomwe lidachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lomwe lino. Mmisiri wa ku Tete, komwe dzuwa limaswa mtengo, akhoza kusiya fila pamtunda masiku awiri osavutika kwenikweni. Wa kuno akatero, mame a usiku umodzi amalowa m'phalamo, iye nkudzapopapo penti mawa lake, madzi aja nkutsekeredwa m'kati. Pakapita miyezi penti amatuluka matuza. Munthu akaboola thuza limodzi ndi chikhadabo, pansi pake amapeza dzimbiri lofiira lili psuu.

Madzi amalowanso chakumbuyo. Ngati mmisiri wamata fila pa chibowo cha dzimbiri osachiwotcherera, kunja kumaoneka kosalala, koma m'kati mwa madigadi kapena m'munsi mwa chitseko phala lija lili pamtetete, likukumana ndi matope tsiku ndi tsiku. Madzi saiwala khwawa. Amayenda pakati pa fila ndi chitsulo, dzimbiri nkumafufuma, mpaka tsiku lina chibenthu chonse chimagwa pamsewu ngati chikhokho cha m'mphika, chibowo chija chitakula kuposa poyamba.

Misewu nayo ili ndi mbali yake. Msewu wa N11 wochokera pa Milange kukafika ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, udathiridwa phula ndi thandizo la bungwe la European Union m'zaka za pambuyo pa 2010, ndipo eni magalimoto adapumako. Koma chimanga ndi nandolo sizimera m'mbali mwa tala. Zimakatengedwa kumidzi ya ku Majaua, ku Mongue ndi kwina kotero, komwe njira zambiri nzafumbi, zamabampu ndi zokumbika. Chitsulo cha galimoto nchopyapyala, sichifika nkomwe milimita imodzi m'malo ambiri, ndipo galimoto ikamagwedezeka chimapindika pang'ono nkubwerera. Fila wopyapyala amatsatira chitsulocho. Fila wochindikala amakana kupindika, motero amang'aluka, ndipo mng'aluwo ndiwo khomo la madzi. Dzuwa la mu Okotobala limaonjezera vutoli chifukwa chitsulo ndi fila sizifutukuka mofanana zikatenthedwa. Tikaonjezapo katundu wonyamulidwa kumbuyo kwa pikiapu, monga feteleza, mchere ndi nsomba zouma zothira mchere, zonsezi ndi chakudya cha dzimbiri.

Mwa ichi opanga fila amanena kuti asachindikale kupyola mamilimita 6, kutanthauza kuti asafike pa kunenepa kwa pensulo, ndipo amisiri odziwa ntchito amayesetsa kuti asapitirire mamilimita 3. Pa misewu ya kuno, nambala yachiwiriyi ndiyo yoyenera kuigwiritsa.

Posankha fila m'sitolo, munthu ayambe waona chomwe akufuna kukonza. Fila wamba, yemwe pa zitini za ku Limbe ndi ku Blantyre amalembedwa kuti body filler ndipo pa zitini za m'Chipwitikizi betume poliéster, ndi wosalazira madenti owongoledwa kale. Pali wina wosakaniza ndi ulusi wagalasi, wooneka ngati muli tsitsi, yemwe pachitini pake pamalembedwa mawu oti fibre kapena fibra de vidro. Ameneyu ngolimba ndipo samwa madzi ngati mnzake uja, choncho ndiye woyenera kuyamba kumata pamwamba pa mzere wowotcherera, pomwe pamatsala timabowo tosaoneka ndi maso. Koma ngovuta kupala ndipo sasalala bwino, motero pamwamba pake pamafunikabe fila wamba pang'ono. Wachitatu ndi wofewa kwambiri, wa ufa wosalala, wongotsekera timaenje tonga toboola ndi singano ntchito ikamapita kumapeto. Ameneyu akamatidwa mochindikala amanyala ndi kung'aluka. Bampala yapulasitiki ili ndi fila wakewake wotha kupindika, ndipo magalimoto ambiri a ku Japan obwera masiku ano ali ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, chonga cha malata, chomwe fila wina amakana kugwira. Chitini chimanena ngati filayo amagwira pa chitsulo chotere, ndipo nkoyenera kupempha wodziwa chiyankhulocho kuti awerenge.

Chinthu china choyang'ana ndi msinkhu wa chitinicho. Fila sakhalitsa ngati misomali. Chitini chomwe chakhala pa shelefu pansi pa denga lamalata chaka chathunthu nkupitirira chimayamba kuuma m'mbali. Utomoni ukangoyandama pamwamba si vuto, umatakasidwa bwinobwino nkubwerera m'malo. Koma ngati muli zibuluma zolimba, ndiye kuti watha ntchito. Amisiri ena amathiramo thina kuti afewe. Kumeneko nkudzinamiza, popeza thina uja amadzatuluka pambuyo pake, fila nkunyala, penti nkukwinyika. Hadina naye amakalamba. Kachubu kakakhalitsa kamayamba kutulutsa madzi m'malo mwa phala, choncho kayenera kufinyidwafinyidwa kasanatsegulidwe. Pa misika ya m'malire pamapezekanso ogulitsa fila wopungula, wa m'timapepala tapulasitiki, pamodzi ndi kahadina kosadziwika komwe kachokera. Kwa wofuna kukonza thanki ya njinga yamoto zimenezi zimaoneka zotchipa, koma palibe njira yodziwira kuti chitini chake chidatsegulidwa liti.

Ntchito yeniyeni imayamba chitini chisanatsegulidwe. Mmisiri woona amatha nthawi yambiri ali ndi nyundo ndi chitsulo chotsamiritsa kuseri, kugogoda pang'onopang'ono kuyambira m'mphepete mwa denti kulowera pakati, kufikira chitsulo chitabwerera pafupi ndi momwe chidaliri. Pomwe nyundo singafike amawotchererapo timawashala nkumakoka. Pomwe padyedwa ndi dzimbiri amadulapo ndithu mpaka kufika pa chitsulo chamoyo, nkuwotchererapo chigamba cha chitsulo china, ndipo kuseri kwa chigambacho amapakako penti woletsa dzimbiri. Mwini galimoto akaona kuti mmisiri wathamangira chitini nyundo isanalire nkomwe, adziwiretu kuti akugula phala pa mtengo wa luso.

Akatha kuwongola, penti yense wa pamalopo amapalidwa ndi sandipepa wokhakhala, wa nambala 40 kapena 80, mpaka chitsulo chitayera, ndipo amapitirirako pang'ono kuzungulira denti yonse. Pa sandipepa, nambala ikachepa ndiye kuti ngokhakhala kwambiri. Mikwingwirima yomwe amasiya ndiyo mizu yomwe fila amagwirira. Pa penti wonyezimira, pa dzimbiri, pa girisi kapena pa chitsulo chonyowa, fila amangokhalapo ngati mlendo. Malowo apukutidwe ndi kansalu koyera kothira mankhwala ochotsa mafuta, osati dizilo kapena palafini, zomwe zimasiya mafuta ena pamwamba. Amisiri ena amayamba apopa pulaima wa epoxy pa chitsulocho nkudzamata fila pamwamba pake. Kwa dziko lamvula ngati lino imeneyi ndi njira yabwino zedi, kungoti imafuna ndalama zoonjezera. Pulaima wamba wa m'zitini zopopera pamanja sayenera kukhala pansi pa fila.

Kusakaniza ndiko kumagwetsa ambiri. Muyeso wake ndi magalamu 2 a hadina pa magalamu 100 a fila, kapena kupitirirako pang'ono mpaka 3 malinga ndi zomwe chitini chanena. Popeza m'magalaja a pansi pa mtengo mulibe sikelo, muyeso wapafupi ndi uwu: fila wochuluka ngati dzira la nkhuku yachikuda amafuna hadina wonga njere imodzi ya nzama. Hadina akachepa, fila amakhala wamanyowa m'kati, amamata pa sandipepa, ndipo sadzalimba mpaka kalekale. Akachuluka, fila amauma msanga, amakhala wophweka kusweka, ndipo hadina wotsalayo amadzatulukira pamwamba pa penti ngati banga lachikasu. Bangali limaonekera kwambiri pa penti woyera, ndipotu ma Hiace, ma Hilux ndi ma Canter ambiri a kuno ngoyera.

Posakanizira pakhale pa chidutswa cha galasi, pulasitiki yolimba kapena chitsulo choyera. Katoni, yemwe amisiri ambiri amamukonda poti amangotola, amamwa utomoni ndi kusiya tinyenyeswa m'phalamo. Kasakanizidwe kake si kovundula ngati phala la mwana. Amalipinda ndi kulikanikiza ndi kopakira kaja mobwerezabwereza mpaka mtundu utakhala umodzi, popanda mizere yofiira. Kuvundula kumalowetsa mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo timaenje tija timadzaoneka popala.

Kuchokera pomwe hadina wakhudza fila, mmisiri ali ndi mphindi 4 kapena 5 zokha kukakhala kozizirirako. Mu Okotobala masana mphindizo zimachepa kwambiri. Nzeru yake si kuchepetsa hadina kupyola muyeso, koma kugwira ntchito pamthunzi, m'mawa mame atauma, ndi kusakaniza pang'onopang'ono. Mu Juni zinthu zimatembenuka, fila amachedwa kuuma, ndipo mmisiri wosaleza mtima amathira hadina wambiri. Kuli bwino kuimika galimoto padzuwa kuti chitsulo chifunde ndi kuuma. Kumata koyamba kukhale kopyapyala ndi kokanikiza zolimba kuti phala lilowe m'mikwingwirima muja, kenaka nkuonjezera pamwamba. Kumata katatu mopyapyala kumaposa kumata kamodzi mochindikala. Phala likayamba kugwirana ngati chinangwa chophika, nthawi yake yatha, litayidwe. Wolikakamiza amamata chinthu chomwe sichigwiranso chitsulo.

Pakatha mphindi 20 kapena 30 fila amakhala atalimba moti nkupalidwa. Sandipepa akulungidwe pa kathabwa kathyathyathya. Zala zokha zimatsatira maenje m'malo mowasalaza, nchifukwa chake magalimoto ena akawaona chammbali amaoneka ngati madzi a pa nyanja ya Chilwa kukamaomba mphepo. Amayamba ndi nambala 80, kenaka 180, nkumalizira ndi 320. Chikhatho chimaona bwino kuposa maso pa ntchito imeneyi, ndipo amisiri akale amapapasa atayang'ana kumbali. Ena amawaza penti wakuda pang'ono pamwamba, ndipo akapala, pomwe patsala pakuda ndiye kuti mpolowa. Koma lamulo lomwe limaswedwa kawirikawiri m'magalaja ambiri nlakuti fila sapalidwa ndi madzi. Mnyamata wokhala ndi ndowa pambali, akunyika sandipepa ndi kupala fila wosaphimbidwa, akuthirira dzimbiri la chaka chamawa. Madzi amaloledwa pokhapokha pulaima atapopedwa ndi kuuma. Pulaimayo apopedwe tsiku lomwelo, galimoto isagone panja fila ali pamtunda. Ndipo pulaima naye si denga lokhalitsa, amafuna penti pamwamba pake. Magalimoto aja amayenda miyezi isanu ndi umodzi ali ndi zigamba zotuwa, mwini wake akudikira ndalama za penti, amakhala akumwa madzi nthawi yonseyo.

Za chinyengo zimanenedwa kwambiri, ndipo zina nzoona. Pomwe fila wagwa pamapezeka nyuzipepala zakale, masaka, sefa wa pawindo, ngakhale timatabwa, zomwe zidatsekera chibowo kuti phala lipeze pokhala. Komabe mlandu wonse usagwere amisiri okha. Mwini galimoto amafika pagalaja Lachitatu nkunena kuti galimoto ikufunika Loweruka, tsiku la msika. Mmisiri akatchula mtengo wodula chitsulo chowola, kugula gasi ndi kuwotcherera, mwiniyo amadula mtengowo pakati, nkuopseza kuti apita kwa wina. Mmisiri naye ali ndi ana ofuna kudya. Amavomera, ndipo zomwe zachotsedwa pamtengo zimachotsedwanso pantchito, pamalo pomwe mwiniyo sadzaona. Eni magalimoto ochenjera amagula okha chitini, hadina, sandipepa ndi pulaima, nkupangana za mtengo wa manja padera. Amapanganso ndi mmisiri kuti adzaione galimotoyo chitsulo chili poyera, fila asanamatidwe. Wokhala kutali akhoza kupempha kuti amjambulire pa foni. Mmisiri wodzidalira sakana zimenezi, amakondwa kumene kuti luso lake laonedwa lisanakwiriridwe.

Pali malo ena pomwe nkhani ya fila imaleka kukhala ya ndalama nkukhala ya moyo. Chasisi, chomwe ndi msana wa galimoto, chikang'aluka kapena kudyedwa ndi dzimbiri, chimafuna kuwotcherera kwa mmisiri wodziwa, osati phala. Chimodzimodzi pomwe pamangidwa masipuling'i, nsanamira zogwira denga la minibasi, pansi pomwe pamangidwa mipando ndi malamba, ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Chitsulo chikagundidwa chimapindika nkumwa mphamvu ya ngoziyo. Fila amangosweka ngati mbale yadothi. Chapa yodzaza anthu, katundu ali padenga, ikagubuduzika nsanamira zake zili zomata, denga limatsikira pa okwera. Pa matola anthu amakhala m'mphepete mwa bodi atagwira zitsulo, osadziwa kuti pansi pa penti wowalayo bodiyo idatsala pang'ono kulekana ndi galimoto. Pepala la kuyezedwa kwa galimoto, kaya la kuno kaya COF ya ku Malawi, lili ndi ntchito yake, koma wodziwa zenizeni za pansi pa penti ndi mwini galimoto ndi mmisiri wake.

Mlimi uja wofuna kugula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ali ndi zida zomuthandiza zosafuna ndalama. Choyamba ndi kamaginito kakang'ono, kokulunga m'kansalu kuti kasakande penti. Kakhale kofooka ndithu, chifukwa maginito amphamvu a m'sipika yaikulu amagwira ngakhale pa fila wochindikala. Akayendetse m'munsi mwa zitseko, pamwamba pa matayala, m'makona a bodi ndi kuzungulira magalasi. Pomwe kakukana kugwira pali phala lambiri. Achenjere pokha kuti bampala yapulasitiki ndi boneti ya aluminiyamu sizigwira maginito chibadwire. Agogodenso ndi chala. Chitsulo chimalira, fila amangoti phu phu. Galimoto ionedwe masana, itauma, munthu atawerama nkuyang'ana chammbali kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Wogulitsa wokonda kuonetsa galimoto madzulo kapena itangotsukidwa kumene ali ndi chifukwa chake. Asaope kudetsa malaya, agone pansi ayang'ane kunsi, atukule kapeti, asuzumire kuseri kwa madigadi. Mmisiri amakongoletsa kunja, kuseri amakusiya momwe kuliri.

Magalimoto ena amafunika kuwayang'anitsitsa koposa. Omwe akhala nthawi yaitali ku Quelimane, ku Beira kapena ku Nacala adapuma mpweya wamchere wa kunyanja. Ena ochokera ku Japan adayenda m'madera a chipale chofewa komwe amathira mchere m'misewu, ndipo amafika kunsi kutayamba kale kudyeka. Palinso omwe adamira m'madzi ndi m'matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adasakaza Zambezia, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Galimoto yotere matope amatsalira m'kati mwa zitseko ndi m'mipanda ya chasisi, ndipo imaola kuchokera m'kati. Izi sizikutanthauza kuti galimoto iliyonse yokhala ndi fila njokanidwa. Galimoto ya zaka 15 yoyenda misewu ino yopanda fila ndi pang'ono pomwe njosowa ngati nyanga ya galu. Fila wopyapyala pa chitseko si kanthu, angothandiza potsitsa mtengo. Wochindikala m'malo onyamula katundu ndiye woti munthu abweze ndalama zake m'thumba.

Anyamata ophunzira ntchito m'magalajamu nawo ngofunika kuwaganizira, poti ndiwo amapatsidwa ntchito yopala. Pofika madzulo amakhala atayera mbuu ngati achokera kuchigayo, ndipo fumbi lomwe lili pa nsidze ndi lomwenso lalowa m'mapapo. M'fumbimo muli fila, penti wakale ndi dzimbiri. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga fumbi losalala chotere, pamafunika chotchinga pamphuno chenicheni, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa chitini chimodzi. Hadina akalowa m'maso amawotcha, munthu asambe ndi madzi ambiri kwa mphindi zingapo nkuthamangira kuchipatala. Kusamba m'manja ndi thina kapena petulo kumang'amba khungu. Chitini cha fila chisayandikire moto wowotcherera kapena ndudu. Chikatha, chisapite kunyumba kukakhala chotungira madzi kapena chosungira mchere monga zichitira zitini zina, chifukwa mankhwala ake satha ndi kutsuka.

Nyengo yabwino ya ntchito imeneyi kuno ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mvula yoyamba isanagwe, chiperoni atapita, mpweya uli wouma. Galimoto yomwe yagundidwa mu Januwale, ngati galaja ilibe denga ndi makoma, ingowongoledwa ndi nyundo, pong'ambika pawotchereredwe, chitsulo chipakidwe penti woletsa dzimbiri mbali zonse ziwiri, ipitirize kugwira ntchito ili ndi chipsera chake. Fila ndi penti wonyezimira zidikire nandolo wa chaka chimenecho.